Kutsata mbiri ya Thanos m'mabuku a zithunzi: poyambira, zodumpha ndi misampha ya manambala

Mkangano wa Thanos, chigawenga cha m'mabuku a zithunzi ndi mafilimu a Marvel, ukabuka, kaya pa benchi la ometa ku Ulongué kaya m'chapa yopita ku Moatize, kawirikawiri okanganawo amakhala akunena zoona onse awiri. Wina akuti anapha theka la zamoyo chifukwa chakudya chinkachepa. Mnzake akuti ayi, munthuyu ankafunsira mkazi. Woyambayo anaonera filimu ya 2018, Avengers: Infinity War, wachiwiriyo anawerenga buku la 1991, The Infinity Gauntlet, ndipo akhoza kufika ku Tete asanamvane.

Thanos wakhala m'mabuku a kampani ya Marvel zaka zoposa 50, wadutsa m'manja mwa olemba ambiri, ena mwa iwo osagwirizana n'komwe. Njira yosasocheretsa ndi kuwerenga mabukuwo monga anatulukira posindikiza, chaka ndi chaka. Ambiri amalakwa poyamba ndi Thanos Rising ya 2013, poti ndiyo ikukamba za ubwana wake. Nkhani imeneyo Jason Aaron anailemba patapita zaka 40 chiyambireni Thanos, ndipo anailembera anthu odziwa kale kuti Imfa, imene m'mabukuwa imaoneka ngati mkazi, ndi ndani m'moyo wake. Mukayamba nayo, kamtsikana kamene kamamunyengerera kuti azipha simukamvetsa, ndipo mathero ake akuonongerani mabuku akale.

Konzani kope musanagule kanthu

Tengani kope la masamba a mizere, mutsegule masamba awiri oyang'anizana, mulembe mizere yotsika kuti pakhale zipinda 6. Chipinda choyamba ndi dzina la magazini. Chachiwiri ndi chaka chimene magaziniyo inayamba nambala 1. Kenako nambala ya bukulo, mwezi ndi chaka cha pachikuto, dzina la wolemba, ndipo chomaliza, chotakasuka kuposa zonse, mulembemo zinthu ziwiri: Thanos akufuna chiyani m'bukuli, ndipo pa tsamba lomaliza ali moyo, wafa, kapena watsekeredwa.

Chipinda chachiwiricho ndicho chimapulumutsa ndalama. Marvel imakonda kuyambiranso pa nambala 1, moti "Thanos nambala 1" alipo wa 2003, wa 2016, wa 2019 ndi wa 2023, nkhani zinayi zosiyana. Wachibale wa ku Maputo kapena ku Joni mukangomutuma dzina ndi nambala, adzabwera ndi chimene wachipeza. Chaka chenicheni chimapezeka m'timalemba ting'onoting'ono ta kunsi kwa tsamba loyamba kapena kuseri kwa chikuto, pamene pali dzina la kampani ndi adiresi. M'zaka zimenezo mwezi wa pachikuto unkatsogola ndi miyezi iwiri kapena itatu: buku lolembedwa February 1973 linali kale pa msika kumapeto kwa 1972. Mukaona masiku awiri osiyana pa intaneti, vuto lake ndi limenelo. Sankhani mwezi wa pachikuto, muutsate mpaka kope lithe.

Mabuku 37 a maziko

Mzere woyamba ndi The Invincible Iron Man nambala 55, February 1973. Anamuganiza ndi kumujambula ndi Jim Starlin, mawu anathandizana ndi Mike Friedrich. Dzina linachokera ku Thanatos, imfa m'Chigiriki. Starlin mwini wake wanena kangapo kuti poyamba anamujambula wochepa thupi, ndipo mkonzi Roy Thomas ndiye anamuuza kuti amunenepetse afanane ndi Darkseid wa kampani ya DC. M'buku lomweli ndi mmene munayambira Drax, amene ntchito yake yokha ndi kupha Thanos. Musadabwe kuona Thanos wowondako, wa nkhope yosakhazikika. Kwawo ndi ku Titan, mwezi wa pulaneti la Saturn. Bambo ake ndi Mentor, amene dzina lake lina ndi A'lars, mbale wake ndi Eros, ndipo m'mabuku a pambuyo pake mudzamva za mayi ake, Sui-San.

Kuchoka apo pitani ku Captain Marvel nambala 25 mpaka 33, za 1973 ndi 1974. Apa pali msampha wa dzina. Captain Marvel ameneyu ndi mwamuna wa mtundu wa Kree wotchedwa Mar-Vell, m'magazini imene inayamba 1968. Si Carol Danvers wa mufilimu ya 2019. M'manambala 9 amenewa Thanos akusaka Cosmic Cube, kabokosi kochita chilichonse chimene mwini wake waganiza, ndipo pambali pake pamaima munthu wovala mkanjo wophimba kumutu, wosayankhula. Ndiye Imfa ameneyo, ndipo kwa Thanos ndi mkazi amene akumufuna. Yang'anitsitsani mmene Thanos akugonjera pa nambala 33: atasanduka ngati mulungu, akutaya kabokosiko poganiza kuti katha mphamvu, Mar-Vell n'kukaphwanya. Lembani m'chipinda chomaliza kuti anataya yekha chida chake. Mudzabwerera ku mzere umenewu.

Kenako nkhani ikusamukira kwa ngwazi ina, Adam Warlock: Strange Tales nambala 178 mpaka 181, ndi Warlock nambala 9 mpaka 15, za 1975 ndi 1976. Anthu amafuna kudumpha apa poti m'manambala oyambirira Thanos saoneka, ndipo akaoneka akuthandiza Warlock kulimbana ndi Magus, amene ndi Warlock yemweyo wa m'tsogolo atasanduka woipa. Musadumphe. Gamora, mwana amene Thanos anamulera, akuyambira pa Strange Tales nambala 180, ndipo ubale wa Thanos ndi Warlock, wa udani wosakanikirana ndi ulemu, ndiwo msana wa zonse za m'ma 1990. Gawoli likutsekedwa ndi mabuku awiri a 1977, Avengers Annual nambala 7 ndi Marvel Two-in-One Annual nambala 2. Awerengeni motsatana chomwecho, chifukwa ndi nkhani imodzi yodulidwa pakati. Thanos akufuna kuzimitsa nyenyezi ngati mphatso kwa Imfa, ndipo mzimu wa Warlock ukumusandutsa mwala.

Akhala mwala zaka 13. Pakati apo pali buku limodzi lofunika, The Death of Captain Marvel la 1982, mmene Mar-Vell akumwalira ndi khansa ndipo Thanos akumuonekera m'masomphenya kudzamuperekeza kwa Imfa. Pa mzere umenewu lembanibe kuti Thanos wafa.

Thanos akuuka pa Silver Surfer nambala 34, February 1990, Starlin atabwerera kudzalemba, wojambula ali Ron Lim. Pano simungasochere kwambiri: magazini ya Silver Surfer ya 1968 inathera pa nambala 18, ndiye nambala 34 yofunikayo ndi ya magazini imene inayamba 1987. Werengani mpaka 38. Okangana a m'chapa aja yankho lawo lili apa. Imfa ndiye akudandaula kuti amoyo achuluka kuposa onse amene anafa, akuukitsa Thanos kuti achepetseko theka, ndipo Thanos amamulalikiradi Silver Surfer za kuchuluka kwa anthu ndi kutha kwa chakudya. Filimu inatenga ulaliki umenewo n'kuusandutsa cholinga chake chenicheni, mkazi uja n'kumuchotsamo.

The Thanos Quest ya 1990 ndi manambala awiri okha, koma ngati ndalama zikukwanira buku limodzi, gulani limeneli. Mulibe Avengers. Thanos akulanda miyala 6 ya Infinity, uliwonse wokhala ndi mphamvu yake, kwa eni ake mmodzimmodzi, ndipo ambiri akuwagonjetsa ndi nzeru. Kwa In-Betweener akulanda mwala wa mzimu. Champion, mwini mwala wa mphamvu, akumuputa mpaka waphwanya pulaneti limene iye mwini waimapo, n'kutsala akuyandama m'mlengalenga, ndiye akupereka mwalawo kuti anyamulidwe. Gardener akuphedwa chifukwa cha mwala wa nthawi. Runner, wa mwala wa mtunda, akusandutsidwa khanda, khandalo n'kusinthanitsidwa kwa Collector ndi mwala wosintha zenizeni. Womaliza ndi Grandmaster wa mwala wa maganizo, amene akusewera masewera a moyo ndi imfa osadziwa kuti akupikisana ndi chidole cha makina. Atasonkhanitsa yonse, Imfa akukanabe kumuyankhula: kale anali wantchito wake, tsopano wamuposa, ndipo sanakhalepo wofanana naye. Amene sanawerenge tsamba limenelo sangamvetse chifukwa chimene munthu wokhala ndi mphamvu zonse akuchitira ngati mnyamata wokanidwa pa chitsime m'buku lotsatira.

Lotsatiralo ndi The Infinity Gauntlet, manambala 6, July mpaka December 1991. George Pérez anajambula atatu oyamba ndi mbali ya wachinayi, Ron Lim n'kumaliza, ndiye mukaona nkhope zasintha pakati pa nambala 4 musaganize kuti mwagula labodza. Kuliza zala kuja, kumene Thanos akufafaniza nako theka la zamoyo, kuli mu nambala 1, koyambirira kwa nkhani, pamene filimu inakuika kumapeto. Nambala 4 ndi nkhondo yaikulu, mmene Thanos akudzichepetsera dala mphamvu pomvera mdierekezi Mephisto kuti asangalatse Imfa. Mu nambala 5 akusiya thupi lake lili pa mpando, golovesi la miyala 6 ija lili ku dzanja, ndipo Nebula akungolivula. Nebula wa m'mabuku amadzitcha mdzukulu wake, pamene wa mufilimu ndi mwana womulera. M'nambala yomweyo Warlock akumuuza m'maso kuti nthawi zonse amadzitsegulira yekha khomo logonjera, chifukwa mumtima amadziwa kuti mphamvuzo sakuziyenera. Tsegulani kope, muone mzere wa 1974 uja. Nkhani ikuthera kumunda, Thanos ali mlimi, zovala zake za nkhondo atazipachika pa mtengo kuti ziziopseza mbalame, monga achitira alimi a ku Domué mapira akayamba kucha.

Mukawerengera kuyambira Iron Man 55 mpaka apa, mabuku akwana 37. Wowerenga awiri pa tsiku amaliza m'masabata atatu.

Mayina ofanana, nkhani zosiyana

Ndalama zambiri zimatayika pa mawu akuti Infinity. Buku lotchedwa The Infinity War ndi la 1992, ndipo mdani wake ndi Magus, Thanos ali mbali ya ngwazi. The Infinity Crusade ndi la 1993. Infinity, popanda mawu ena, ndi la 2013, la Jonathan Hickman, ndipo ndi mmene mumapezeka akazembe a Thanos aja, Corvus Glaive, Proxima Midnight ndi Ebony Maw, pamodzi ndi mwana wake Thane. Infinity Wars, yokhala ndi s kumapeto, ndi ya 2018. Filimu ya 2018 inabwereka dzina ku buku la 1992, nkhani ku mabuku a 1990 ndi 1991, akazembe ku la 2013.

Kwa ife owerenga Chipwitikizi msamphawu ndi wa pawiri. Mabuku ambiri a Marvel a m'Chipwitikizi anamasuliridwa ku Brazil, ndipo kumeneko The Infinity Gauntlet amaitcha Desafio Infinito. Mukapempha Guerra Infinita, mulandira nkhani ya Magus. The Thanos Quest ndi Em Busca de Poder, Silver Surfer ndi Surfista Prateado, Iron Man ndi Homem de Ferro. Posaka pa intaneti, mawu athu akuti banda desenhada abweretsa za ku Portugal, pamene a ku Brazil amati gibi kapena HQ.

Manambala a ku Brazil musawalembe m'chipinda cha nambala. Magazini imodzi ya kumeneko imasonkhanitsa nkhani za magazini angapo a ku America, ndiye nambala yake ya pachikuto sikugwirizana ndi ya ku America. Fufuzani mzere wonena kumene nkhaniyo inasindikizidwa koyamba, mulembe umenewo. Timabuku tating'ono takale ta Editora Abril tili ndi vuto lina: pofuna kuti nkhani ikwane, ankadula zithunzi ngakhale masamba athunthu, mawu n'kuwafupikitsa. Mnzanu wowerenga Chingerezi akamakamba zimene inu simunazione, mwina palibe wabodza. Panini, imene inatenga mabuku a Marvel ku Brazil mu 2002, imasindikiza pa kukula kwa ku America, ndipo ndiyo yoyenera kusankha ngati zonse ziwiri zilipo.

Mitundu ya miyala nayo imasokoneza. M'mabuku a 1990 ndi 1991 mwala wa mzimu ndi wobiriwira, wa mphamvu ndi wofiira, wa maganizo ndi wa buluu. Mufilimu wobiriwira ndi wa nthawi, wofiira ndi wosintha zenizeni, wa buluu ndi wa mtunda. Cha m'ma 2017 Marvel inasintha mabuku kuti afanane ndi mafilimu. Tsatani dzina la mwala, mtundu muusiye.

Pambuyo pa 1993

Apa simufunika zonse. Pakati pa 1997 ndi 2000 olemba ena anamuika Thanos m'magazini a Ka-Zar ndi Thor ngati chigawenga wamba chongofuna kuononga. Starlin sizinamukomere, ndipo mu Infinity Abyss ya 2002 analemba kuti amenewo anali zifaniziro zamoyo zimene Thanos anapanga kuchokera m'thupi lake. Wolemba wina kufufuta za mnzake mwa njira yotere n'chizolowezi m'mabuku amenewa. M'kope, mizere yotero musaifute. Ikani kamtanda pambali, mulembe buku limene linaikana, chifukwa mawa wina akhoza kudzaibwezeretsa.

Magazini ya Thanos ya 2003 ili ndi manambala 12. Starlin analemba 6 oyamba, Keith Giffen otsalawo, ndipo a Giffen ndiwo akulowetsani mu Annihilation ya 2006 mpaka 2007, Aniquilação m'Chipwitikizi. Mu nambala 4 ya nkhani imeneyo Drax akukwaniritsa zimene anamulengera mu 1973: akumuboola kumsana ndi dzanja n'kutulutsa mtima. Thanos akuukanso mu 2010 kumapeto kwa Guardians of the Galaxy ya Dan Abnett ndi Andy Lanning, imene inayamba 2008, n'kupitirira mu The Thanos Imperative. Tsopano ndi pamene Thanos Rising ikukoma, mutadziwa Imfa kwa zaka 40 za mabuku.

Mwa za posachedwa, yofunika nthawi yanu ndi magazini ya 2016 ya manambala 18. Jeff Lemire analemba 12 oyamba, Donny Cates ndi wojambula Geoff Shaw n'kutenga 13 mpaka 18, nkhani ya Thanos wokalamba amene anapambana nkhondo zonse n'kutsala yekha. Starlin nayenso analemba mabuku aakulu 6 pakati pa 2014 ndi 2019, kuyambira The Infinity Revelation mpaka The Infinity Ending, koma amayenda njira yawoyawo, osalabadira kwenikweni zimene ena ankalemba nthawi yomweyo. Apatseni tsamba lawo kumapeto kwa kope. Mukawalowetsa pakati pa enawo, chipinda cha "moyo kapena wafa" chiyamba kudzitsutsa.

Kuwapeza ndi kuwasunga

Manambala akale amodziamodzi musawasake. Pezani mabuku ophatikiza. Silver Surfer: Rebirth of Thanos muli manambala 34 mpaka 38 pamodzi ndi The Thanos Quest yonse, ndipo The Infinity Gauntlet imapezeka m'buku limodzi. Kuseri kwa buku lililonse lotere amalemba manambala amene alimo. Uzani wokugulirani ajambule kuseriko ndi foni akutumizireni pa WhatsApp asanalipire, muyerekeze ndi kope.

Wina akakuonetsani Iron Man 55 n'kumati ndi yoyambirira, yang'anani zinthu zitatu. Mtengo wa pachikuto uyenera kukhala masenti 20 a ku America. Pachikuto pasakhale timizere takuda ta pa kauntala tija, poti Marvel inayamba kutiika mu 1976. Pepala la mkati likhale la nyuzipepala, lofiirira ndi ukalamba. Loyera ndi losalala ndi losindikizidwanso, labwino kuwerenga koma losayenera mtengo wa chuma.

Pa foni, njira ya Marvel yeniyeni ndi Marvel Unlimited, yolipira pa mwezi kapena pa chaka ndi khadi la ku banki, ndipo mabuku ake ndi a Chingerezi. Buku limodzi limadya mamega makumi angapo. Kumene netiweki imadukaduka, monga m'midzi ya m'mapiri a Tsangano ndi Macanga, tsitsani manambala a sabata yonse mukafika pa boma, muziwerenga popanda intaneti. Pulogalamuyo ili ndi njira yoonetsa kachithunzi kamodzikamodzi. Ndi yabwino pa foni yaing'ono, koma masamba a Starlin ndi a Pérez anakonzedwa kuti diso lione tsamba lonse, ndiye yambani mwaona lathunthu kenako mukulitse. Masamba awiri olumikizana, gonekani foni cham'mbali.

Mabuku a pepala adani ake amasiyana ndi kumene mukukhala. Mu mzinda wa Tete ndi ku Moatize, kutentha kwa October ndi November kumapitirira madigiri 40, ndipo buku lophatikiza losiyidwa pa shelefu ya pamwamba pafupi ndi malata, guluu wa kumsana kwake amafewa kenako n'kuuma, masamba n'kuyamba kuthothoka. Lisungeni m'munsi, koma losakhudza pansi kapena khoma, chifukwa chiswe chimalowera kumsana, ndipo mumadzazindikira chikuto chili bwinobwino mkati muli dothi. Ku Angónia vuto ndi chinyezi cha dzinja: timawaya tomangira magazini timachita dzimbiri, dzimbirilo n'kudya pepala la pakati mpaka tsamba kuchoka. Chidebe cha pulasitiki cha chivindikiro cholimba chimathetsa zonse ziwiri, bola mabuku alowemo ali ouma, tsiku la dzuwa. Mukatsekera buku lachinyezi m'pulasitiki, nkhungu imamera m'masabata ochepa. Magazini opyapyala agonekeni osapitirira 20 pa mulu, misana mosinthanasinthana, kuti muluwo usapendekeke ndi kupinda a pansi. Pong'ambika musamate selotepi. Imasanduka yachikasu n'kusiya banga la mafuta lodutsa tsamba.

Pobwereketsa, lembani dzina la wobwereka ndi pensulo pa mzere wa bukulo m'kope lomwe lija, ndipo musatulutse nambala 5 kwa munthu amene sanabweze nambala 4.

Mizere iwiri imene anthu amakanganirana ngati ilowe m'kope ndi iyi. Mu Spidey Super Stories nambala 39 ya 1979, Thanos akuuluka pa helikopita yachikasu yolembedwa dzina lake, ndipo pomaliza apolisi a ku New York akumumanga maunyolo. Imeneyo inali magazini ya ana ophunzira kuwerenga, kunja kwa mbiri yeniyeni, ndipo mukaona kope lanu, 1979 Thanos anali mwala. Wachiwiri ndi wa GLX-Mas Special ya 2005, mmene Squirrel Girl, mtsikana wa mphamvu za gologolo, akumugonjetsa nkhondoyo osaonetsedwa, ndipo wolemba Dan Slott anaikapo dala Watcher, mlendo wa kumlengalenga amene ntchito yake ndi kuonerera zochitika, kuti achitire umboni kuti ameneyu ndi Thanos weniweni, si chifaniziro. Umenewu ulembeni, koma ndi pensulo.